Pansi pa Kapeti Palibe Konkire

Amene muli ku UK kuno ndipo mukukhala m'nyumba zatsopano zomwe akumanga mbali zonsezi, mukamakwera masitepe kupita kokagona dziwani kuti pansi pa kapeti yanuyo palibe konkire olo pang'ono. Pali bolodi ya tizidutswa ta matabwa yokhuthala 22mm basi, nde pansi pa bolodiyo pali timatabwa tina towonda toti mutationa tili pa lole musanadziwe ntchito yake simungalole kuti mwana wanu agone pamwamba pake. Ine ntchito yanga ndi imeneyo, ndine kalipentala pa masaiti omanga nyumba kuno ku Midlands, chigawo chapakati cha England, ndipo mbali yomwe ndimaikonda kwambiri, komanso yomwe imandiyambanitsa ndi anthu kwambiri, ndi yoyala majoisiti a nyumba yam'mwamba.

Joisiti ndi mtanda uja umagona kuchoka pakhoma ili kufika pakhoma ilo kuti pamwamba pake payalidwe poponda. Kale unkakhala thabwa lenileni lochekedwa kumtengo, 47 kwa 195mm kapena 47 kwa 220mm, lolemera bwino, ndipo m'nyumba zakale za kuno ukang'amba siling'i ndi zomwe umapeza. Pano ambiri tikugwiritsa ntchito opangidwa kufakitale omwe amawatcha ma I-joist. Kamtengo kamodzi pamwamba, kena pansi, timeneti amati ma flange, nde pakati pake aimikapo kabolodi ka OSB (tizipepala ta mtengo tomatidwa ndi guluu) kokhuthala mwina 9mm, kameneka ndi web, kolowetsedwa mumpata ndi kumatidwa ndi guluu wa kufakitale. Basi, chinthu chonsecho ndi chimenecho. Ungathe kunyamula la mamita 5 paphewa wekha nkukwera nalo popanda kupuma pakati.

Nditatumiza zithunzi pa gulupu ya WhatsApp ya kwathu, malume anga omwe akhala akukhoma madenga kwa zaka zambiri anangofunsa ngati azunguwo simenti yawathera. Ndipo sindinawaseke ayi, chifukwa diso la mmisiri aliyense wa kumudzi linaphunzitsidwa kuti chokhuthala ndiye cholimba. Ndinawakumbutsa za nzimbe. Mukamathyola nzimbe pabondo, mbali yomwe yaloza kunja ndi imene imakokeka mpaka khungu kung'ambika, mbali yomwe yagunda bondo imafinyika, koma pakatikati penipeni sipamva kanthu mpaka mapeto. Joisiti ikanyamula katundu ndi chimodzimodzi kungoti yatembenuka, pamwamba pamafinyika, pansi pamakokeka, pakati mtengo wambiri uja umangokhalapo kudya ndalama ndi kulemera. Nde anthu anaganiza kuti bwanji tiike mtengo wabwino m'mwamba ndi m'munsi momwe muli nkhondo, pakati tingosiya kanthu kowonda koti kagwire awiriwa asayandikane komanso asatsetserekane.

Chinanso chomwe ambiri sitinauzidwe pophunzira ntchito, kulimba kwa mtanda kuti usawerame kumadalira kwambiri kuya kwake osati kunenepa. Mukaphatikiza matabwa awiri m'mbali mwapeza kulimba kowirikiza kawiri, koma mukatenga thabwa limodzi lakuya kowirikiza kawiri, kuwerama kwake kumachepa ka 8. Masamu ake ndi otero, 2 kuchulukitsa ndi 2 kuchulukitsanso ndi 2. Vuto ndi loti thabwa lenileni lakuya 300mm, lowongoka, lalitali mamita 7, ulipeza kuti masiku ano, ndipo ukalipeza ulinyamula ndi ndani. Pomwe I-joist yakuya 300 kapena 400 kufakitale angokulitsa kabolodi kapakati kaja, ndipo amatha kupanga mpaka mamita 12.

Nzeru imeneyi siyakuno, inachokera ku America, mzinda wa Boise ku Idaho. Kunali mkulu wina Art Troutner, wojambula mapulani a nyumba yemwe ankakondanso kupeka zipangizo, ndi mnzake Harold Thomas yemwe anali wogulitsa matabwa. Anayamba limodzi cha mu 1960 ndi mitanda ya matabwa m'mwamba ndi m'munsi koma pakati mapaipi achitsulo, kenaka mu 1969 kampani yawo ya Trus Joist inatulutsa I-joist yamatabwa okhaokha yomwe mpaka lero imadziwika kuti TJI. Poyamba pakati pankakhala pulayiwudi, OSB inabwera pambuyo. Kampaniyo inadzagulidwa ndi kampani ina ya matabwa ya Weyerhaeuser mu 2000 koma dzina la TJI linakanirira moti madala ena pasaiti joisiti iliyonse yotere amangoti TJI olo ikhale ya kampani ina. Ndipo chomwe chinakankha zonsezi sichinali kukongola ayi, mitengo ikuluikulu yakale yomwe inkatulutsa matabwa aatali opanda mfundo inkachepa, nde panafunika njira yoti timitengo tating'ono ta m'nkhalango zodzala tigwire ntchito ya mtengo waukulu.

OSB imeneyi ndi mtengo wowazidwa tizipepala, tosakaniza ndi guluu nkupanikizidwa pamoto, tizipepalato toyalidwa moloza mbali zosiyana. Fakitale yoyamba ya OSB ku Ulaya konse inatsegulidwa mu 1985 kufupi ndi Inverness ku Scotland, ndipo chakum'mawa kwake pang'ono ku Forres kuli fakitale ya James Jones & Sons komwe kumachokera ma I-joist otchedwa JJI omwe timawaona kwambiri pamasaiti akuno. Aliponso a Steico ndi a Finnjoist. Palinso mtundu wina womwe mapulambala amaukonda ngati m'bale wawo, wa Posi-Joist wa kampani ya MiTek, umenewo pakati palibe bolodi koma tizitsulo topingasa ngati V, mipata ili mbwee yoti paipi ingodutsa. Ndi odula komanso amacheka manja ukawagwira opanda magolovesi, koma zimenezo ndi nkhani ina.

Mdala wina wachizungu yemwe ndinayamba naye ntchito kuno, anapuma pa ntchito pano, ankadana nawo ma I-joist ndipo zifukwa zake ndinkazimvetsa. Nthawi yawo thabwa lililonse unkayamba walinyamula kumapeto nkuliyang'ana ndi diso limodzi, uone komwe lakhotera, msana wake uuike m'mwamba kuti katundu akabwera liwongoke, lopotoka kwambiri ulitaye pambali likhale la manogini (timatabwa tatifupi tokhomedwa pakati pa majoisiti), la mfundo yaikulu m'munsi ulitembenuze. Imeneyo inali nzeru yamunthu, yophunzira ndi zaka, ndipo ndi yomwe malume anga ali nayo. Ndi I-joist nzeru yonseyo ilibe ntchito chifukwa onse ndi owongoka mofanana, ouma kale, sabwerera, sapotoka. Thabwa lenileni limabwera lili ndi madzi, nyumba ikayamba kutenthedwa ndi mahita limauma nkuchepa, misomali imatsala ili lende, nde ndi kuja mumamva kwiii kwiii usiku munthu akamapita kubafa. Opanga ma I-joist anagulitsira pomwepo. Koma mdala uja ankati atilanda diso nkutipatsa pepala, ndipo ndi zoona ndithu, kungoti ine ndinafika poona kuti pepalalo ukalinyoza limalanga kuposa mmene thabwa linkalangira.

Pepalalo ndi pulani ya majoisiti. Lole ikabwera imatsitsa mtolo wokutidwa pulasitiki, joisiti iliyonse yolembedwa nambala, J1, J2, chonchi, yodulidwa kale pa muyezo wa nyumba imeneyo basi, pamodzi ndi thumba la mahang'ala (tizitsulo tokhazikapo majoisiti) ndi pulani yojambulidwa pa kompyuta yosonyeza kuti iyi ikhala apa, iyi apa, motalikirana chonchi, hang'ala yake ndi iyi. Amene anawerengera anaika kale kulemera kwa anthu ndi katundu wa m'nyumba, komwe malamulo akuno amati pafupifupi 150kg pa sikweya mita iliyonse, nkuwonjezerapo makoma a m'mwamba ndi bafa. Ukangoti aaa iyi ndiisunthe pang'ono ikundipinga, kapena utenge J4 uike pa J7 poti zikuoneka zofanana, mwina flange yake ndi ya 47mm m'lifupi pomwe pamafunika ya 72 kapena 97, wasokoneza masamu a munthu yemwe sudzamuona nkomwe. Posunga nawonso ali ndi mwambo, amafuna aimirire chammbali mmene adzakhalire m'nyumbamo, pamitanda osati pamatope, ndipo ponyamula osawagoneka chafulati chifukwa akagona amapindika ngati alibe mphamvu, ndipo anyamata atsopano akaona zimenezo ndi pomwe amataya chikhulupiriro.

Tisanayale kalikonse timayamba tayenda ndi leza pamwamba pa makoma omwe mabilida asiya. Apa mpomwe pamayambira mikangano ya tsikulo. Joisiti ndi yowongoka ngati lula, nde khoma likakhala kuti uku lakwera 10mm uku latsika, palibe pobisala, pansi pa chipinda padzaoneka. Ku England kuno nyumba zambiri ndi za mabuloko m'kati njerwa kunja, nde majoisiti mwina amalowa m'khoma momwemo nkumatidwa bwino kuti mphepo isamadutse, kapena amakhala m'mahang'ala, tizitsulo tija tokhala ngati kampando tomwe timakoleka pabuloko. Ku Scotland nyumba zambiri zatsopano makoma ake ndi amatabwa, kumeneko joisiti imakhala pamwamba pa khoma lamatabwalo ndipo kumapeto amatseka ndi rim board yoti inyamule khoma lam'mwamba, chifukwa kabolodi ka 9mm kaja sikangasenze nyumba yonse ikakanikiza kuchokera kumwamba. Nthawi zina kumeneko poponda ponse pamabwera popangidwa kale kufakitale, kireni ingotsitsa.

Hang'ala ili ndi timabowo tambirimbiri ndipo bowo lililonse lomwe opanga anena limafuna msomali wake. Osati msomali uliwonse, pali ina yaifupi yonenepa yopotoka, 3.75 kwa 30mm, imeneyo ndi yomwe anayesera nayo kufakitale. Nde umapeza munthu wakhoma inayi m'malo mwa yonse, kapena wafinyirapo masikuluu akuda a pulasitabodi poti ndi omwe anali m'thumba, pomwe amenewo amathyoka ngati galasi akakanikizidwa chammbali. Kunena zoona kukhoma misomali imeneyi ndi ntchito yotopetsa, nyumba imodzi imadya mazanamazana, dzanja limachita dzanzi nthawi yozizira, ndipo pamasaiti ambiri timalipidwa pa nyumba osati pa ola nde chiyeso chodumpha mabowo ena chimakhalapo tsiku lililonse. Joisiti iyeneranso kukhala pansi penipeni pa hang'ala, yafika kumapeto, osasiya mpata woti chala chilowe. Kampata ka 2mm pamenepo ndi komwe kadzalire zaka zonse nyumbayo ikadzakhala ndi anthu.

Kutalikirana kwake ndi 400 kapena 600mm kuchoka pakati pa iyi kufika pakati pa inzake, ndipo manambalawa sanangogwa kumwamba, bolodi yapamwamba ndi 2400 kwa 600 nde mapeto ake ayenera kugwera pa joisiti. Anzathu aku America amayeza mainchesi 16 kapena 24, pafupifupi nzofanana. Pomwe pamafuna mutu ndi pabowo la masitepe. Pamenepo majoisiti adulidwa, sakufika kukhoma, nde kulemera kwawo konse kumatsamira pa mtanda wopingasa womwe nawonso umatsamira pa ina iwiri ya m'mbali. Imeneyo kawirikawiri imakhala ya glulam kapena LVL, matabwa omatidwa m'magawo olemera kwambiri, kapena ma I-joist awiri ophatikizidwa ndi tizitsulo kapena matabwa odzaza pakati. Ndipo ukamakoleka hang'ala pambali pa I-joist inzake, kumbukira kuti pambalipo ndi pololowa, msomali ulibe pogwira, nde pulani ikanena kuti pakhale backer block, kathabwa kodzaza mpatawo, pakhaledi. Insipekita wa NHBC, bungwe loyendera nyumba zatsopano kuno, akabwera ndi tochi yake malo oyamba kuyang'ana ndi amenewa, amadziwa komwe anthu amabera.

Kenaka malamba achitsulo omangirira khoma ku majoisiti, osapitirira mamita 2 kutalikirana, ndipo komwe majoisiti ayenda motsatira khoma lambayo adutse pa atatu ndi manogini pansi pake. Ambiri amaganiza kuti khoma ndi lomwe lagwira poponda basi, koma popondapo nawonso ndi pomwe pagwira khoma kuti mphepo isaligwetse.

Tsopano nthawi yoopsa pa ntchito yonseyi ndi ya pakati apa, majoisiti aima m'malo mwake koma bolodi sinakhomedwe. Amaoneka bwino kwambiri, mzere wowongoka, ndipo mwendo umachita kuyabwa kuti uyendepo. Osayerekeza. I-joist yomwe sinagwiridwe m'mbali siithyoka, imagudubuka, flange yam'mwamba imathawira kumbali nkugona chammbali, ndipo ikagwa imakankha inzake, inzakeyo inzake, mpaka mzere wonse uli pansi ndi munthu yemwe. Thabwa lenileni la 47mm limakukhululukira pang'ono chifukwa ndi lolemera ndipo silipotoka msanga, ili ayi. Nchifukwa chake pulani iliyonse imabwera ndi tsamba la mabulesi osakhalitsa, timatabwa tokhomedwa pamwamba modutsa majoisiti onse, tina topingasa, ndi mabuloko amatabwa kumapeto kuti pakhale poyambira polimba. Timawachotsa pang'onopang'ono bolodi ikamayandikira, osati onse nthawi imodzi. Pansi pake pamayenera kukhala zotchinga kapena matumba a mpweya aja oti munthu akagwa asafike pa konkire. Ndinaonapo mzere ukugudubuka pa nyumba yoyandikana ndi yomwe tinkagwira, mnyamata anangopondapo kuti atenge tepi yake, mwamwayi anagwera pa matumbawo, koma phokoso lake saiti yonse inaima.

Anzathu mabilida nawo ndi nkhani. Iwo amalipidwa pa buloko, nde akangoona kuti pamwamba payalidwa amafuna forklift itsitse paketi yonse pomwepo kuti apitirize makoma. Paketi ya mabuloko olemera aja imapitirira tani imodzi, pakamalo kochepa, pomwe pamenepo anawerengera bedi ndi wadirobu. Komanso mahang'ala a m'khoma aja sagwira kanthu mpaka pamwamba pake pamangidwe makosi atatu a mabuloko, 675mm, ndipo matope ake aume, apo ayi hang'ala imangozuka ndi buloko lake lomwe. Nde pamafunika kuchirikiza kunsi kaye, mabuloko kuwayala pang'onopang'ono kufupi ndi makoma mmene pepala lanenera. Kuwauza zimenezi anthu oti akuthamangira ndalama ya Lachisanu, iwe mlendo wa kalankhulidwe kachilendo, sizophweka. Ndinaphunzira kungoitana kapitawo nkumusonyeza tsambalo osatsutsana ndi munthu.

Kuyala bolodi ndi komwe kumasandutsa timatabwa tonjenjemera tija kukhala chinthu chimodzi. Guluu wa D4, uja amatupa ngati thovu ndipo akakugwera pa buluku ndiye kuti bulukulo ndi la ntchito mpaka kale, timamuthira pamwamba pa joisiti iliyonse komanso m'malilime a bolodi momwe zimalumikizana. Mabolodi amayenda modutsa majoisiti, molumikizira mwake mosinthanasinthana ngati njerwa, m'mbali mwa khoma kusiya mpata wa 10mm woti ikatupa ipeze kopita. Guluu akakwanira bolodi ndi joisiti zimagwira ntchito limodzi, ukaponda pamamveka kuti gwa. Akachepa, eni nyumba adzakhala akuimba foni chaka chonse kudandaula za phokoso, ndipo pofika nthawi imeneyo pali kapeti, pali makoma, palibe angakonze bwinobwino.

Mvula ya kuno mukuidziwa, simaitanidwa. Mabolodi amasiku ano amabwera ndi kapepala kapulasitiki pamwamba kodzamatula nyumba ikafoleredwa, opanga ena amati ipirira masiku 42 ena 60, bola molumikizira monse mwamatidwa. Koma masiku amenewo ndi owerengeka, ndipo OSB ikamwa madzi nthawi yaitali imatupa m'mphepete, ikauma sibwereranso mwakale.

Apa ndi pomwe ndimawayankhira anzanga omwe amandifunsa kuti bwanji osatumiza kontena ya zimenezi kumudzi timangire nyumba zosanja motchipa. Ine ndimakana. Taganizani mmene timamangira kwathu, chaka chino maziko, ndalama yatha, chaka chamawa mpaka pa lintala, kenaka sukulu fizi, nyumba imakhala osafolera dzinja lonse mwina awiri. Silabu ya konkire imadikira, mvula ya Januwale imangoitsuka. I-joist singadikire choncho. Ndiye pali chiswe. Ku UK kuno chiswe kulibe, moti chitapezeka m'nyumba zina ku Saunton ku Devon mu 1994 boma linalimbana nacho zaka zoposa 25 mpaka kulengeza mu 2021 kuti chatha, pomwe kwathu chimangotuluka pansi pa bedi osapempha. Thabwa lenileni chiswe chikadya theka umaona, umagogoda nkumva, ukadali ndi theka lina. Pa I-joist chikangodya flange yam'munsi ya 45mm ija, kapena kuboola kabolodi kapakati kufupi ndi khoma, zatha. Ndipo chachikulu kwambiri, kuno kuseri kwa joisiti iliyonse kuli injiniya wa fakitale yemwe ungamuimbire, kuli insipekita, kuli pepala. Kutumiza matabwa okha popanda zonsezo ndi kutumiza ngozi.

Koma ganizo lake lenilenilo, loti kamtengo kakang'ono kagwire ntchito ya mtengo waukulu, limandipweteka ndikakumbukira Chikangawa. Mahekitala pafupifupi 53,000 a paini omwe anadzalidwa pa Viphya kuti adzadyetse fakitale ya mapepala ku Chintheche yomwe sinamangidwe, nde ife tinawacheka ndi masowo a pamanja ndi timakina toyenda nato, theka la mtengo kutsala m'tchire ngati utuchi ndi makungwa, kenaka moto chaka ndi chaka. Raiply ili pomwepo ikupanga pulayiwudi ndi mabolodi ena, kusonyeza kuti kumata matabwa si zachilendo kwathu. Mitengo yomwe ikudzalidwanso panopa idzakhala yowonda kwa zaka zambiri, ndipo makalipentala akumudzi akudandaula kale kuti 2 by 6 wa masiku ano ndi mwana, amapindika usanafike naye pasaiti. Aku Idaho aja anafika pomwepo kalekale nkupeza njira yawo.

Tibwerere pasaiti. Ife tikamaliza timachoka, denga limakwera, kenaka amalowa a mapaipi ndi a magetsi, ndipo ndewu yeniyeni imayambira pamenepo ife kulibe. Pulambala wachikulire anazolowera matabwa akale, pomwe malamulo amalola kusema kamphako pamwamba pa joisiti kuti paipi igonemo, bola kasapitirire gawo limodzi mwa magawo 8 a kuya kwa thabwa ndipo kakhale chakufupi ndi khoma, osati pakati. Wachita zimenezo zaka 30 osagwetsa nyumba. Nde akafika pa I-joist dzanja limangochita zomwe linazolowera, sowo pa flange yam'mwamba, paipi ya 22mm igone bwino. Flange yake kuya kwake ndi 45mm. Wadula theka la chinthu chomwe chanyamula chipinda chonse, pamalo pomwe mphamvu yonse inasonkhanitsidwa dala. Lamulo loyamba la ma I-joist, lolembedwa pa pepala lililonse ndi chithunzi cha sowo chothethedwa, ndi lakuti flange siidulidwa, siisemedwa, siibooledwa, kaya ndi pang'ono bwanji.

Chodabwitsa nchakuti kabolodi kapakati kaja ndiye ungaboole bowo lalikulu ndithu, mpaka paipi ya kuchimbudzi ya 110mm imadutsa pa joisiti yakuya bwino, zomwe pa thabwa lenileni sizingatheke. Koma malo ake ndi otembenuka ndi zomwe anthu anazolowera. Bowo lalikulu limafuna chapakati pa chipinda, kutali ndi makoma. Chifukwa chake nchakuti pakati pa mtanda ntchito yaikulu ili m'ma flange, web ikupuma, pomwe kufupi ndi khoma kulemera konse kukutsikira pa hang'ala kudzera mu web momwemo ngati kuti ikumetedwa ndi sizasi. Nde tsoka lake zimbudzi ndi mabafa amaziika m'makona, paipi imafuna kutsika pafupi ndi khoma penipeni pomwe sipaloledwa. Opanga amapereka tebulo, joisiti yakuya mwakuti, yaitali mwakuti, bowo la kukula uku liyambire patali chonchi kuchoka pomwe yatsamira, mabowo awiri atalikirane kawiri kukula kwa lalikululo, ndipo lozungulira ndi labwino kuposa la makona anayi chifukwa mng'alu umayambira pakona. Bowolo libooledwe ndi chocheka chozungulira cha pa dirilu. Ndinapezapo lina lobooledwa ndi hamala, m'mphepete muli nyenyeswa zokhazokha, waya wa magetsi akudutsa bwinobwino ngati palibe chachitika.

Zikatere sitimangokhomapo kathabwa pambali nkuphimba, ngakhale ambiri amatero. Umajambula chithunzi, kuyeza pomwe pawonongeka, kutumiza kwa omwe anapanga pulani, iwo amabweza pepala lonena kakonzedwe kake, mwina pulayiwudi mbali zonse ziwiri ndi guluu ndi misomali yowerengeka, mwina joisiti ina yatsopano pambali pake, zomwe m'nyumba yofolera kale yodzaza mapaipi ndi ntchito yotukwanitsa. Ndalama yake amakanganirana mabwana. Nchifukwa chake makampani ena anangosamukira ku ma Posi aja, amati bola kulipira zambiri poyamba kusiyana nkumasaka pulambala yemwe anapita kale saiti ina.

Pali dandaulo lina lomwe eni nyumba amabwera nalo, loti pansi pamanjenjemera mwana akathamanga, magalasi m'kabati nkumalira. Nthawi zambiri sikuti pali chowopsa. Malamulo a NHBC amalola kuwerama kosapitirira 0.003 ya kutalika kwa mtanda, kutanthauza 3mm pa mita iliyonse, ndipo pa majoisiti opanda zochirikiza pakati malire ake ndi 12mm. Kampani yomanga nyumba mazanamazana imasankha joisiti yaing'ono kwambiri yomwe yakhoza mayeso amenewo, pa 600 m'malo mwa 400, chifukwa joisiti imodzi yopulumutsidwa pa nyumba iliyonse ndi ndalama zambiri pa chaka. Yakhoza inde, koma phazi la munthu silidziwa za 12mm, limangomva kuti pakugwedera, makamaka poti majoisitiwa ndi opepuka ndipo zipinda zapansi masiku ano amazifuna zazikulu zopanda khoma pakati. Munthu akamamanga yake nkundifunsa, ndimamuuza kuti akwere saizi imodzi pa kuya, 220 ikhale 245 kapena 300 ngati masitepe alola, ndalama yake ndi yochepa kuyerekeza ndi matailosi a m'bafa osweka.

Za moto ndiye sindingazibise, ndi pofooka pake penipeni. Mu 2008 a Underwriters Laboratories, bungwe loyesa chitetezo cha zinthu ku America, anayesa poponda posiyanasiyana pa moto. Pa matabwa enieni a 2 by 10 opanda siling'i kunsi panatenga mphindi zoposa 18 kuti pagwe, pa ma I-joist opanda siling'i panagwa pa mphindi 6 zokha. Kabolodi ka 9mm kamapsa msanga, ndipo kakapita ma flange awiri aja ndi timitengo chabe tosagwirana. Ozimitsa moto kumeneko anali atayamba kale kudandaula chifukwa nyumba zawo zambiri zili ndi chipinda chapansi pa nthaka chomwe majoisiti amangokhala poyera, munthu amalowa pakhomo akuponda pooneka bwinobwino pomwe kunsi kwatha. Malamulo awo omangira nyumba a 2012 anayamba kulamula kuti kunsi kwa majoisiti otere kuzitsekedwa ndi pulasitabodi ya theka la inchi kapena china chofanana nacho, ndipo pa mayeso omwe aja siling'i yotereyi inakweza mphindi 6 zija kupitirira 25.

Kuno nyumba wamba yosanja kamodzi imayenera kupirira moto mphindi 30, ndipo chomwe chimagula mphindi zimenezo si joisiti, ndi pulasitabodi ya siling'i, kawirikawiri ya 15mm. Nde anzanga ambiri mukagula nyumba chinthu choyamba mumafuna timagetsi tija tolowa m'siling'i, tokongola ndithu, mumaitana mnyamata wa kutchalitchi wodziwa za magetsi adzaboole mabowo 12 pabalaza Loweruka masana. Bowo lililonse pamenepo ndi khomo la moto lolunjika pa web. Gulani tomwe tinayesedwa pa moto, ndipo muwerenge pa bokosi ngati tinayesedwa ndi ma I-joist kapena a zitsulo pakati aja osati matabwa enieni okha, chifukwa mayeso ake ndi osiyana ndipo wogulitsa mushopu sadzakuuzani. Mnyamatayo asanayambe kuboola apeze kaye pomwe majoisiti adutsa, chifukwa chocheka chija chikakumana ndi flange yam'munsi sichifunsa. Chimodzimodzi mukamasuntha chimbudzi kapena kuika bafa lalikulu m'mwamba, funsani pulani ya majoisiti kwa omwe anamanga, ndipo akakuuzani kuti inasowa, dzina la opanga limakhala lodindidwa pa joisiti pomwepo, boolani kabowo kamodzi pa siling'i muunike ndi tochi ya foni.